Mchira wa Gologolo pa Nthambi ya Pamalire

Padangokhala. Muyankhe musayankhe, ine ndayamba.

Kalelo dziko lonse la nyama lidali m'manja mwa Njovu, ndipo mlandu uliwonse unkapita kwa iye. Wina akakuponda chala, kwa Njovu. Nkhwali dzira likamusowa, kwa Njovu, ulendo wa masiku anayi, pokafika n'kuti dziralo litaswa kale m'chisa cha wakubayo. Njovu adatopa nazo, choncho adaitanitsa msonkhano.

"Ndatopa," adatero. "Kuyambira lero chigawo chilichonse chizidzipangira malamulo ake. A Mvuu, Kudambo n'kwanu. A Nyani, Kumapiri n'kwanu. Ine mundisiyire milandu ya malire, ndi zinthu zopanda mwini monga mphepo. Zina zonse musandidzutse nazo."

Nyama zidaomba m'manja, zambiri zisadamve n'komwe chimene zikuombera.

Masiku amenewo n'kuti kutatchuka mpira wa dzaye. Timu ya Ankhanga ndi timu ya Ankhwali zinkakumana pabwalo la Kudambo, pafupi ndi malire, ndipo oonerera adali atazolowera kubetcherana: uyu lichero la mtedza, uyu dzungu, uyu mkoko wa nthochi. Mvuu adaona kuti apa pali podyera. Lamulo lake loyamba lidati kubetcha n'kololedwa, bola wobetchetsa azikumbukira kuti mfumu nayo ili ndi mimba.

Kumapiri zidayenda mwina. Nyani ankakonda kubetcha kuposa nyama ina iliyonse, moti chaka chapitacho adaika chimanga chambewu cha akazi ake pa Ankhwali, Ankhwali n'kukwapulidwa zigoli zisanu kwa duu. Tsono atangobwerako kumsonkhano kuja akutukumuka ndi ufumu, akazi ake adamulandirira pakhomo.

"Lamulo lanu loyamba ndikuuzani ndine, bambo. Muletse njuga imeneyi."

"Koma mayi, mfumu ndine."

"Mfumu ndinu, koma mudzi uno mudabwera kudzakwatira. Muletse."

M'mawa mwake Nyani adalengeza, mtima ukumuwawa, kuti aliyense wobetcha kapena wobetchetsa pa dothi la Kumapiri adzadulidwa mchira. Wosunga lamulolo adali Chiuli, msilikali wamkulu, nyama yosaseka. Chiuli lamulo akalimva kamodzi ankalisenza monga liliri, ndipo sankadziwa zoti uyu ndi mbale, uyu ndi mlamu.

Tsono Kudambo kudali Gologolo. Ndisakunamizeni, ine Gologolo sindimukonda. Sadagwirepo khasu chibadwire, ndipo chuma chake chonse chidali mchira. Ankaupesa katatu pa tsiku, kuudzoza mafuta a nsatsi, ndipo mvula ikamagwa ankalolera kunyowa mutu bola mchira ukhale pouma. Ukadamufunsa kuti asankhe pakati pa mchira ndi amayi ake, akadapempha kaye nthawi yoganiza.

Gologolo adaona kuti Kudambo obetchetsa achuluka mpaka kulimbirana anthu, pamene Kumapiri nkhokwe n'zodzaza ndipo eni ake zala zikuwayabwa. Pamalire penipeni padali mkuyu. Tsinde lake lidali Kudambo, koma nthambi yake yaikulu idatambalala mpaka pamwamba pa dothi la Kumapiri. Gologolo adakwera pa nthambiyo, adapachika madengu ake, n'kuyamba kuimba.

Nyimboyo idali yaifupi, ya mizere iwiri basi. Woyamba unkafunsa ngati mtedza wogona m'nkhokwe udaberekapo mwana, wachiwiri unkatama mchira wa woimbayo kuti aliyense wouona mwayi umamutsata mpaka kunyumba. Omvera ankavomera ndi liwu limodzi lokoka, ndipo ukangovomera phazi linkayamba kuvina lokha. Dzuwa lisadafike pamutu, pansi pa nthambi padali patadzaza nyama za Kumapiri, iliyonse ndi kamtolo kake.

Chiuli adafika.

"Tsika."

"Nditsikirenji, achimwene? Ndili kwathu."

"Uli Kumapiri."

"Mtengo uwu mizu yake ili kuti?"

Chiuli adapita kukayang'ana tsinde, adabwerera, adayang'ana nthambi, adapitanso kutsinde. Mutu utayamba kumuwawa, adati nkhaniyi ndi ya malire. Onse adanyamuka ulendo kwa Njovu, Nyani ali patsogolo.

"Ndangogona kumene," adadandaula Njovu. "Mwatani?"

"Gogo, kamnyamata aka kakubetchetsa m'chigawo changa," adatero Nyani.

"Wawa, Gogo," adatero Gologolo atagwada, mchira ataupinda mwaulemu. "Ine phazi langa silidakhudze dothi la a mfumuwa. Ndidali pa nthambi, nthambi ili pa mtengo, mtengo uli kwa a Mvuu."

"Mtengo ndi wa kumene kuli mizu yake," adagamula Njovu. "Nthambiyo ndi ya Kudambo. Mchira wake musaukhudze."

"Nanga anthu anga oima pansi pake?"

"Amenewo ali pa dothi lanu. Chitani nawo mmene mwafunira."

Nyani adamuika Chiuli pansi pa nthambi kuti aziyang'anira. Masiku awiri Gologolo adaimba yekha, wovomera palibe, madengu akungogwedezeka opanda kanthu. Nyama zinkadutsa chapatali zitapanira michira pakati pa miyendo. Tsiku lachitatu adaitana Gwape, amene ankangozungulira pafupi ndi lichero lake la mtedza.

"Alamu, tadumphani."

"Ndidumphirenji?"

"Mukadumpha mumakhala muli kwa yani? Dothi ndi la a Nyani, mtengo ndi wa a Mvuu. Nanga pakatipa?"

Gwape adaganiza, adamuyang'ana Chiuli, adapuma mozama, kenaka joo! Ali m'malere adakuwa kuti, "Ankhanga, lichero lonse!" n'kuponya mtedza m'dengu. Pofika pansi n'kuti atatseka pakamwa, manja ali chabe.

Abale inu, zimene zidachitika masana amenewo! Chigawo chonse chidadumpha. Gologolo adayambitsanso nyimbo ija, tsopano mofulumira, mzere wa mchira akuubwereza kawirikawiri, ndipo ovomera ankavomera ali m'mwamba, mawu akudukaduka. Mbawala ankadumpha kamodzi n'kubetchera banja lonse. Chule adapeza ntchito yobetchera okalamba. Chiuli ankathamanga uku ndi uku mphuno ili pansi, kuyang'ana mapazi, koma aliyense wolankhula mapazi ake adali m'mwamba, ndipo aliyense woponda pansi adali chete ngati ali pamaliro. Wovutika adali Fulu yekha. Adadzikoka, adabuula, adadzikankha.

"Ndadumpha?"

"Ayi, a Fulu, mwangotukula khosi."

Ulendo wachiwiri kwa Njovu.

"Mwabweranso?"

"Gogo, anthu anga akubetcha akudumpha!" adatero Nyani, thovu lili kukamwa.

"Wawa, Gogo," adatero Gologolo. "Ine ndangofuna kudziwa. M'malere muja, moyenda mphepo, ndi mwa yani?"

Njovu adakanda mutu ndi chitamba. "Ndi mwanga."

"Nanga inu, Gogo, muli ndi lamulo loletsa kubetcha?"

"Ndilibe."

"Ndiye lipangeni!" adakuwa Nyani.

"A Nyani, ndidakupatsani zigawo kuti ndipume. Ndikayamba kupanga malamulo a kubetcha, mawa mudzafuna ndipange a kuyetsemula. Mchira wake musaukhudze."

Pobwerera Nyani adapatukira kwa Mvuu. Adamupeza ali chigonere, m'kamwa muli dzungu la Kumapiri.

"Mfumu inzanga, dulani nthambi ija."

"Nthambi iti?"

"Mukuidziwa. Ikutha nkhokwe za anthu anga."

"Pepani kwambiri," adatero Mvuu akutafuna. "Koma nthambi imeneyo ndiyo ikudyetsa chigawo changa. Inu samalani dothi lanu, ine ndisamale mitengo yanga."

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandipsetsa mtima. Mafumu akukankhirana, mtedza wa Kumapiri unkangokwera mumtengo n'kukatsikira Kudambo. Ana a Gwape adayamba kugona ndi njala bambo awo ali ndi miyendo yotupa ndi kudumpha. Nyani mwiniwake ankakhala pamwala chapatali, kunamizira kuti akuona ngati lamulo likusungidwa, koma Ankhwali akayandikira pagolo zala zinkamuyabwa, ndipo akazi ake ankamugunyuza ndi chigongono.

Tsiku la mpikisano womaliza lidafika. Gologolo, madengu atadzaza kale, adayang'ana pansi n'kuona nyama zolemera thupi zitangoima ndi katundu wawo: Nguluwe ndi maungu, Njiri ndi thumba la chinangwa, Nungu ndi mavwende, ndi Fulu ndi kamtedza kake kokhakokha kamene adali atakasunga mwezi wathunthu. Dyera lidamugwira.

"Odumpha adumphe, osadumpha akwere!" adalengeza, n'kuponya chingwe cha luzi.

Adawakoka mmodzimmodzi, katundu ndi mwini wake. Nyimbo ija adaiimba mokweza kuposa kale, ndipo tsiku limenelo adaonjezera mzere wachitatu wonyoza msilikali amene amalondera dothi anthu akudyerera m'mwamba. Womaliza kukwera adali Nungu. Adakhala kufupi ndi tsinde, n'kudzitambasula kuti aone bwino mpira. Minga itabaya Njiri, Njiri adasendera. Atasendera adakankha Nguluwe, Nguluwe adakankha Fulu, onse n'kuunjikana kunsonga pamodzi ndi madengu.

Thyoo! Nthambi pansi, pa dothi la Kumapiri.

Nguluwe, Njiri ndi Nungu adamwazika. Gologolo adadzuka mutu ukuzungulira, dengu lidakali m'manja. Pafupi naye padali Fulu, atatambasula dzanja ndi kamtedza kaja. Chizolowezi n'chinthu choipa. Gologolo adalandira mtedzawo n'kufunsa kuti, "Ankhanga kapena Ankhwali, a Fulu?"

Fulu adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma poti ndi Fulu, mawu asadatuluke n'kuti Chiuli atagwira kale mchira wa Gologolo. Fulu adatsekanso pakamwa pake, ndipo kuchedwa kudamupulumutsa.

Ulendo wachitatu kwa Njovu.

"Wawa, Gogo, nthambi ndi ya a Mvuu. Mudagamula nokha. Ine ndidali ndidakali pa nthambi."

"Nthambiyo idali kuti?"

"Idali... idatsikako pang'ono."

"Tandiuza, mwana iwe," adatero Njovu. "Nkhuyu ya mumtengo mwako ikagwera pakhomo pa mnansi wako, amatola ndani?"

Mwambo umenewo ankaudziwa ngakhale mwana woyamwa, ndipo Gologolo mwiniwake adali atatolapo nkhuyu zambiri za eni pogwiritsa ntchito mwambo womwewo.

"Amatola mnansi," adayankha Nyani, mano onse ali pamtunda.

"Ndiye mwatola, a Nyani. Nthambi ndi yanu, ndi zonse zidagwa nayo."

Gologolo adatembenukira kwa Mvuu. "Mfumu yanga, tandilankhulireniko. Si ine ndakhala ndikukutumizirani maungu?"

"Mnyamata ameneyu," adatero Mvuu akuyang'ana kumbali, "ndimangomuona patali."

M'mawa wa tsiku lodula mchira, bwalo la Kumapiri lidadzaza. Njovu adabwera ngati mlendo wolemekezeka, akuwodzera. Nyani adakhala pampando, akazi ake pambali. Pakati pa bwalo padali chipika, ndipo Gologolo adamangidwa pafupi nacho. Adalira, ndipo kulira kwake sikudali kwachinyengo. Adapempha chipeso, adaupesa mchira wake pang'onopang'ono kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, misozi ikugwera paubweya. Ngakhale ine wosamukonda, pamenepa ndimamumvera chisoni.

Chiuli adabwera ndi nkhwangwa. Gologolo adaiyang'ana, adayang'ana khamu la anthu, kenaka adapukuta misozi. Adalankhula motsitsa, ngati akudziyankhulira yekha, koma moti Nguluwe amene adali pafupi amve.

"Kamodzi siingadule imeneyi. Ubweyawu wachuluka."

"Chiuli ameneyu?" adanong'ona Nguluwe. "Kamodzi kokha, mchira uli apo."

"Kawiri," adatero Nungu kumbuyo kwake. "Mafuta a nsatsi amatereretsa."

"Kamodzi."

"Kawiri. Uikapo chiyani?"

"Khala chete, ufuna atidule?"

Koma kunong'onako kudali kutadumphira kale mzere wachiwiri, ndi wachitatu. Gologolo adayamba kung'ung'udza nyimbo ija, mopanda mawu, pakamwa potseka. Palibe adavomera, koma mapazi adayamba kugwedezeka m'fumbi. Uyu ankaonetsa mnzake chala chimodzi, uyo ziwiri. Nyani pampando thukuta lidali kamukamu. Adaluma mlomo. Adakhalira manja ake. Akazi ake adamuyang'ana ndi diso lija, iye n'kuyang'ana kumwamba.

Chiuli adagoneka mchira pachipika, n'kukweza nkhwangwa.

"Katatu," adatero Gologolo mokweza pang'ono. "Asilikali a Kumapiri manja awo ndi ofewa."

"Wabodza!" Nyani adadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. "Msilikali wanga? Kamodzi! Kamodzi kokha! Ndaikapo nkhokwe yanga yonse ya chimanga!"

Nkhwangwa idaima m'malere.

"Ndavomera, mfumu," adatero Gologolo. "Achimwene a Chiuli, pepani, ine ndili chogona, sindikuona bwino. Mapazi a mfumu ali pati?"

Chiuli adatsitsa nkhwangwa, adapita, adawerama, adayang'anitsitsa phazi lamanja, kenaka lamanzere.

"Pa dothi."

"Ndimangocheza!" adatero Nyani.

"Mwabetcha, mfumu," adatero Chiuli. "Michira iwiri. Ndimaliza uyu, kenaka inu."

"Iii, achimwene, mundichimwitsa," adatero Gologolo. "Ine mwana wamng'ono nditsogole mfumu ili pomwepa? Mowa ukapsa amayamba kulawa ndani?"

"Mfumu."

"Zipatso zoyamba kucha?"

"Mfumu."

"Pamsonkhano amayamba kukhala pansi ndani?"

Chiuli adauchotsa mchira wa Gologolo pachipika, adamugwira Nyani pakhosi ngati thumba, n'kumukokera pakati pa bwalo.

"Gogo!" adakuwa Nyani. "Gogo Njovu, ndipulumutseni!"

Njovu adatsegula diso limodzi. "Ndi mlandu wa malire?"

"Ayi, koma..."

"Za m'chigawo chanu ine sindilowerera."

"Mayi! Mayi, tanenaniko kanthu!"

"Nkhokwe yonse, bambo?" adatero akazi ake, manja ali m'chiuno. "Dulani, a Chiuli. Mwina amva."

Chiuli adakweza nkhwangwa. Nyani adaona kuti zafika posauzana. Adakuwa ndi mphamvu zake zonse kuti, "Lamulo ndalifafa..." koma nkhwangwa idali itanyamuka kale. Gwaa! Kukuwa kwake kudamveka mpaka Kudambo. Fumbi litatsika, onse adasuzumira. Mchira udali usadaduke. Fupa la Nyani ndi lolimba, choncho udangothyoka chapakati n'kulendewera. Chiuli adalavulira m'manja, n'kukwezanso nkhwangwa.

"Ndalifafaniza! Ndalifafaniza lamulo! Kulibe! Lafa!"

"Lonse, mfumu?"

"Lonse! Abetche amene akufuna, ataima, atagona, ali m'madzi, zanga si zimenezo!"

Chiuli adaika nkhwangwa pansi. Popeza lamulo kudalibe, womangidwa nayenso kudalibe. Adamasula zingwe za Gologolo, n'kumupatsa chipeso chake chimene chidagwa pansi.

Gologolo sadadikire kutsanzika. Adathamanga, adakwera mtengo woyamba umene adaupeza, adakhala panthambi yolimba pafupi ndi tsinde, n'kuimika mchira wake wonse, wathunthu, tsitsi ndi limodzi lomwe losathothoka. Adaugwedeza kawiri kuti onse auone bwino.

"Tamverani zotsatira!" adafuula. "Amene munati kamodzi, mwaluza, chifukwa sunaduke. Amene munati kawiri, mwaluzanso, chifukwa kachiwiriko sikanachitike."

"Nanga iwe unati katatu!" adakuwa Nguluwe.

"Ine sindinaikepo kanthu, alamu. Wobetchetsa sabetcha." Adatembenukira kwa Nyani, amene adali chikhalire m'fumbi akuuzira mchira wake. "Mfumu, pepani ndi ululuwo. Koma poti mwalola nokha kubetcha, chimanga chija nditumize ngolo lero kapena mawa?"

Ngolo idabwera tsiku lomwelo, ndipo woyang'anira kuti pasatsale chitsononkho n'chimodzi chomwe adali Chiuli. N'chifukwa chake mpaka lero Nyani amayenda ndi mchira wopindika chapakati, ndipo chimanga chimene amadya ndi cha m'minda ya eni. Gologolo yekha adakali m'mitengo ndi mchira wake wonse, koma akatsika pansi sakhalitsa.

Yathera pompa. Amene anabetcha kuti ipitirira, waluza.